Phazi la Tiyezge

Ndikukumbukira ndili kamtsikana kosatha kusenza ndowa yodzaza, mano akutsogolo atangomera. Lero amanditcha gogo wa nthungululu, pakuti paukwati ndine, mwana akabadwa ndine, kuyankhula ndi kuyimba kwa ine n'chimodzi. Sukulu ndinaisiya nditangodziwa kulemba dzina, cholembera wandigwirira ndi mdzukulu wanga. Koma nyimbo yanga yoyamba sindinaiphunzire paukwati ayi.

Tinanyamuka ku Nkhamanga wapansi, ine ndi amama, ulendo wa ku chipatala ku Khondowe, atabereka mlongo wanga wakhanda, Tiyezge, amene chifuwa chinkamulira ngati nkhunda. Kukwera, kutsika, kukweranso mapiri a ku Phoka. Adokotala anayesa, anamwino anayesa, Chiuta anakana. Amama anati, "Mwana wanga sagona kwa eni. Akagona kwathu, pafupi ndi agogo ake." Anamusambitsa, anamuveka kachipewa, n'kumubereka monga wamoyo.

Mapiri aja tinawabwereranso. Nkhungu, udzu wonyowa, dothi lofiira loterera. Mapazi anga anang'ambika, koma sindinamve. Njala sindinaimve. Titatsikira pamsewu ku Mhuju, amama anandigwira chibwano.

"Mvera, Eneless. Lole sinyamula maliro pamodzi ndi anthu. Ukalira atitsitsa, ndipo miyendo yatithera. Tiyezge wagona. Wamva?"

"Ndamva, amama."

Tinadikira, tinadikira, mpaka inabwera lole ya feteleza yopita ku Bolero. Tinakhala pamwamba pa matumba pamodzi ndi anthu ena. Sitinapite patali, pakamtsinje kena matayala anamira m'matope a mvula ya dzulo lake. "Tsikani nonse!" anakuwa adalaivala. Amuna anadula nthambi, anasenza miyala, anakankha. Lole inangolira, osasuntha. Dzuwa linatuluka laukali, ndipo ndinaona amama akuliyang'ana ngati mdani. Anasunthira pamthunzi wa msuku, osakhala pansi.

Ana a anzathu analira njala, analira kutentha. Adalaivala anabwera akupukuta matope m'manja, munthu wanthabwala.

"Mama, mwana wanuyu ndiye bwana! Anzake akutiboola makutu, iye ali phee. Mundibwereke ndikawaonetse akazi anga kalerede kake."

Anthu anaseka. Amama nawonso anaseka, mano onse panja.

"Yewo, adada. Ndi wofatsa chomene."

Pafupi nafe panali mayi wina wa ku Dedza, mkazi wa aphunzitsi amene boma linawatumiza ku Bolero. Kaphazi ka Tiyezge kanali katatuluka m'nsalu. Mayiyo anatambasula dzanja kuti akagirigishe, monga timachitira azimayi tikaona khanda. Anakagwira. Dzanja lake linakhala pomwepo. Anayang'ana amama, amama anayang'ana matope. Ine mumtima ndinati basi, tatsala pano.

Mayiyo anamasula chitenje chake chatsopano, chonunkhira sitolo, n'kuwafunditsa amama kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, phazi lija n'kubisika.

"Mphepo, amayi," anatero mokweza, dzuwa likuswa mtengo. "Mwana angazizidwe."

Kenaka anaima pakati pa ife ndi adalaivala. Amama anayamba kugwedezeka pang'onopang'ono, akuyimba chapansipansi: gona, Tiyezge, gona, kwathu n'kuseri kwa phiri. Mayi uja analandira nyimbo. Ananditsina paphewa, nanenso ndinalandira. Tinayimba, tinayimba, mithunzi n'kutembenuka. Mawu ankatuluka okha, m'kati mwanga munalibe kanthu, ngati mtsuko wotsukidwa.

Lole inazuka dzuwa litapendeka. Tinadutsa pa boma pa Rumphi, fumbi, mabampu, mayi uja ataphimba msana wa amama ndi thupi lake. Pa njira yolowera kwathu amama anagogoda bodi ya lole. Anafuna kubweza chitenje, mayiyo anawagwira dzanja. "Pitani nacho." Dzina lake sitinafunse.

Amama anaima mpaka kulira kwa lole kunazimirira. Anayenda mpaka tinaona zigafa za fodya za adada anga. Pamenepo anagwada, n'kutulutsa mfuu imene anaisenza kuchokera ku Khondowe, mudzi wonse n'kuthamanga. Ine ndinangoima. Azakhali anandigwedeza, "Lira, mwana iwe, tafika." Misozi inakana. Pakamwa panga nyimbo ija inali ikuyendabe.

Tiyezge anagona pafupi ndi agogo ake, atakulungidwa m'chitenje cha ku Dedza.

Tsopano ndakalamba, ndavina maukwati a ana ndi adzukulu, ndipo ndikudziwa kuti nyimbo si ya chimwemwe chokha, imasenzanso munthu pamene miyendo yatha. Minibasi ikatifera panjira ya ku Rumphi, anthu n'kumatukwana adalaivala, ine ndimayang'ana misana ya azimayi. Ndikaona khanda losatakataka, mayi ake akuseka mopitirira, sindifunsa. M'chikwama mwanga simusowa chitenje chapadera. Ndimasendera pafupi, ndimati kunja kuli mphepo, n'kuyambitsa nyimbo.