Chofunda cha Bedi Lachinayi

A Telala ali ndi zaka 71, akazi awo anamwalira, ndipo maso awo akadali akuthwa. Zaka makumi anayi anasoka masuti m'kashopu kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mawotchi. Atatseka kashopuko, mwana wawo wamkazi anatopa kuwaona atangokhala pakhonde ngati mlonda, ndiye anawaperekeza ku gulu la amayi osoka zofunda za zigamba. Amayiwa amakumana Lachitatu lililonse m'chipinda cha kuseri kwa holo, ndipo zofundazo amapereka ulere kwa ana odwala kwambiri m'chipatala.

Ntchito yake imayenda chonchi. Anamwino a ku wodi ya ana amabwera ndi kapepala: bedi lakuti, zaka zakuti, amakonda zakuti. Mmodzi amatenga kapepalako n'kukasoka. Lamulo ndi limodzi lokha: sabata ikamatha, chofunda chikhale chili pa bedi.

A Telala lamuloli ankaliona ngati la anthu osadziwa ntchito. Tepi m'khosi, choko kukhutu, ankayendera matebulo a anzawo. Amene ankakumana nazo kwambiri ndi Amake Mapasa, mayi amene moyo wake wonse anakolopa makalasi pasukulu, zala zopindika ndi nyamakazi.

"Mayi, uwu ndi msoko kapena padutsa njoka?"

"Mwana akafunda njoka yomweyo, achimwene. Akamva kutentha."

"Ine dzina langa silingapite pa chinthu chotere."

"Nanga dzina lanulo lili ndi ubweya?"

Amayi onse anafa nacho chiseko. A Telala sanaseke.

Tsiku lina kunabwera kapepala: bedi lachinayi, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, khansa ya m'magazi, amakonda mabasi chifukwa bambo ake ndi dalaivala. A Telala anakatsomphola kapepalako wina asanakagwire. Apa ndiye anthu aone kusoka. Anamwino anakamuuza mwanayo kuti chofunda chake akusoka telala weniweni wa masuti.

Sabata inatha. Mabasi khumi ndi awiri anali atasokedwa, lililonse ndi mawindo ake, koma matayala a mabasi atatu sanazungulire bwino. Anaphwasula. Sabata yachiwiri ulusi wachikasu unatha, ndipo umene anaupeza m'sitolo unali wotuwirako. Anadikira kuti ubwere wofanana.

Anamwino anadzera ku holo. "Bambo, mwana uja akufunsa."

"Kamuuzeni kuti chinthu chabwino sichithamanga."

Amake Mapasa anamva. Anangowerama n'kutola zidutswa za nsalu zimene a Telala anataya pansi pa tebulo, n'kuika m'chikwama.

Sabata yachitatu chofunda chinatha. Panalibe pokhota ngakhale pamodzi. Anachisita, anachikulunga m'pepala, anavala jekete, n'kupita nacho Lachitatu. Atalowa anapeza makina onse ali zii. Anamwino anaima pakati pa chipinda ndi mayi wina wachilendo.

"Awa ndi mayi a mwana wa bedi lachinayi," anatero anamwino. "Mwanayo anatisiya Lamlungu. Mayiwa abwera kudzathokoza."

Mayiyo ananyamula chofunda. Mabasi ake anali ngati makatoni, tayala lina lalikulu lina laling'ono, msoko wapakati wokhotakhota. A Telala anazizindikira nsaluzo. Zinali zidutswa zawo zija.

Mayiyo anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndinu a Telala aja? Masiku ake omaliza wagona m'menemu mwana wanga. Msoko uwu ankati ndi msewu. Ankayendetsapo chala, amvekere, 'Adadi akukhota apa, gwiritsitsani!' Ngakhale pomubaya jekeseni sankachisiya. Ndinati ndisabwerere kwathu ndisanaone manja amene anasoka."

A Telala anayang'ana Amake Mapasa. Iwo anali kalikiliki kulowetsa ulusi m'singano, ulusi ukuphonya. Anamwino anayang'ana pansi. Phukusi la a Telala lija linali m'khwapa mwawo, likutentha ngati simbi. Mawu oti anene anali awiri okha: si ine.

"Zikomo, mayi," anatero a Telala. "Pepani."

Mayiyo atatuluka, a Telala anaima pa tebulo la Amake Mapasa nthawi yaitali.

"Bwanji simunanene kuti n'chanu?"

"Ndinene chiyani? Mwana analonjezedwa telala. Ndinapempha anamwino akamuuze kuti chachokera kwa inu. Tandilowetsereni ulusiwu, achimwene, maso angawa atha."

Analandira singano. Munthu amene ankalowetsa ulusi akucheza ndi kasitomala, tsiku limenelo anaphonya katatu.

Chofunda chawo chokongola chija anamwino anachitenga madzulo omwewo n'kukapatsa mwana wa bedi lina, amene ankakonda nkhunda, osati mabasi. Anafunda, poti chinali chofunda.

Papita chaka. A Telala amabwerabe Lachitatu lililonse. Matebulo sayenderanso. Amakhala pafupi ndi Amake Mapasa, kuwadulira nsalu ndi kuwalowetsera ulusi, ndipo zofunda zawo zimatuluka pa masiku asanu. Mayi wa mwana wa bedi lachinayi uja tsopano amagwira ntchito m'sitolo ya ulusi yomwe ija. Akaona a Telala amaimirira, n'kuuza anzake kuti awa ndi amene anasokera mwana wake chofunda. A Telala sanamuuzebe zoona zake.