Pomwe ndinkataya matumbo a nsomba

Nkhondo itatha ndinabwerera kwathu ku Chiuta kudzera pa Entre Lagos, ndili ndi ana awiri, bulangete ndi poto wa ku kampu ya othawa nkhondo. Amayi ndinali nditamva kale kuti anamwalira ife tili ku Malawi. Chomwe ndinkafuna n'kuona pomwe anagona, ndilire ngati mwana wawo. Achemwali anga, omwe anatsala nawo nkhondo yonse, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti ndanenepa. Za manda anati tidzakamba, koma nsomba sizidikira.

Amuna awo ankavuula makumba ndi milamba m'mawa uliwonse, ndipo ntchito yotumbula inagwera ine. Makumba umapala mamba, kung'amba kumsana, kukokolola zam'kati osaphulitsa ndulu, kuwaza mchere n'kuyanika pa thandala. Mlamba umautsuka ndi phulusa kuti nterere zichoke, kuupinda n'kuuwamba pa utsi mpaka ude. Zouma tinkasanja m'dengu, phulusa pansi poopa tizilombo, kudikira tsiku lopita kumsika ku Insaca.

Manja anga anali ataiwala. Ndulu ikaphulika, achemwali ankainyamula nsombayo n'kuionetsa kwa amayi anzawo, amvekere awa ndi manja otsegula matumba a ufa wolandira. Ndinkangotenga nsomba ina n'kupitiriza. Ine njala ya ku kampu ndinkaidziwa, mwana wanga wachitatu ndinamusiya m'nthaka ya eni, koma iwo sanandifunsepo. Ndikafunsa za manda, ankati mawa. Anansi nawonso ankangoti nkhani ya pachibale salowerera.

Matumbo ndi mamba ndinkakataya kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa mango pomwe nthaka inali yolowa pang'ono. Ndinasankhapo chifukwa panali pokumbika kale. Achemwali ankangondionerera ndikupita ndi beseni. M'mawa ndinkapeza poyera, ndipo ndinkati agalu a kuno ndi akhama.

Zinatero mpaka mvula itayandikira. Tsiku lina kunabwera nsomba zambiri, amayi a m'mudzi anadzatithandiza, mipeni ili kalikiliki. Nditatopa nako kudikira ndinafunsa pamaso pa onse.

"Achemwali, mundionetsa liti pomwe anagona amayi?"

Anapukuta mpeni pa chitenje mosafulumira.

"Ukufunsa chiyani? Si umapitako tsiku lililonse ndi beseni lako?"

Mipeni yonse inaima. Kenaka anafotokoza, osati kwa ine koma kwa anthuwo, kuti amayi anamwalira mfuti zikulira, kumanda kosapitika, ndipo iwo anakumba okha ndi khasu lothyoka patsinde pa mango paja. Anati ankapita kukakokolola uve wanga ndi manja awo, kudikira kuti aone ngati magazi angandiuze. Magaziwo sanandiuze, iwo anatero, chifukwa wothawa amayi ake alibe magazi.

Sindinalire pamaso pawo, sindinafune kuwapatsa chimenecho. Ndinatunga madzi, ndinakatsuka pamalopo, ndinazula udzu n'kuzungulizapo miyala. Fungo la nsomba linakana kuchoka mpaka mvula itagwa.

Anthu amandiuza kuti ndiwamvetse, anavutika. Ndikudziwa kuti anavutika. Koma munthu amene amatha kuima pakhomo miyezi yonse ija, kuonerera m'bale wake akuthira matumbo pamutu pa mayi wawo kuti adzapeze mawu omulasa nawo pagulu, ine sindinamukhululukire, ndipo sindinamizira.

Ndinamanga nyumba yanga kutsidya kwa msewu. Nsomba ndimatumbula mpaka lero, ndulu sindiphulitsanso, ndipo matumbo ndimakwirira kutali, pomwe ndayamba ndafunsa eni mudzi. Mango a mtengo uja akapsa achemwali amatuma ana kudzandipatsa. Ndimawabweza ndi dengu lomwelo.