Ndege Yosafika ku Dedza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anga anabweretsa kompyuta yakale kunyumba kwathu ku Chiwaridzo. Ankakonza makompyuta m'tauni ya Bindura, ndipo iyi mwini wake anali ataitaya. M'kati mwake munali masewera a nkhondo, ndipo m'masewerawo munali ndege imene inanditenga mtima. Inali yotuwa, yamphuno yosongoka, yotha kulimbana ndi ndege zinzake kumwamba n'kuphulitsanso akasinja pansi pa ulendo umodzi womwewo. Magetsi masiku amenewo ankazimazima. Akangoyaka ndinkasiya chilichonse, ngakhale mbale zili ndi thovu.

Agogo anga aamuna, a Mbewe, ankakhala pakhonde akulimbana ndi chifuwa chimene anachitenga mumgodi. Anachoka ku Dedza ali mnyamata kubwera m'dziko la eni lino, akuti akagwire ntchito pang'ono, agule njinga ndi bulangete, abwerere. Njinga inagulidwa, inakalamba, inatha, iwo ali pomwepo. Chaka chilichonse ankati, "Mvula ikatha ndikupita kumudzi." Ife tinkangoseka chamumtima, chifukwa mapepala oyendera analibe, ndipo miyendo inali itayamba kukana.

Loweruka lina masana anakoka mpando n'kukhala pambali panga, jekete lawo likununkha fodya. Ndege yanga inali pamwamba pa mitambo yoyera ngati thonje, dzuwa likunyezimira pamapiko.

"Iwe, ndege yakoyi imathamanga?" anandifunsa.

"Imasiya ngakhale phokoso lake m'mbuyo, agogo."

"Ndiye tiye ku Dedza. Tikafika dzuwa lisanapendeke."

"Hazviite, sekuru," ndinawakanira m'Chishona, monga tinkayankhira ana tonse, kuti sizingatheke. "Iyi ndi ya nkhondo."

"Wayesa?"

Anayang'anitsitsa dzuwa la pakompyuta nandiuza kuti ndiliike kumbuyo kwa phewa lamanzere. Kenako analoza kunsi kwa mapiko nafunsa kuti zalendewerazo n'chiyani. Nditawauza kuti ndi mabomba, anapukusa mutu.

"Taya. Munthu sapita kwawo ndi zida. Amapita ndi shuga."

Zinandiwawa, poti mabombawo ndinkawasamala ngati mazira, komabe ndinawataya onse m'chipululu. Ndege inapepuka. Adani anatsala m'mbuyo, m'nyumba munangotsala kulira kwa injini ndi mpweya wa agogo. Pansi ine ndinkangoona dothi lofiirira lopanda kanthu, koma iwo ankaona njira. Anandionetsa mtsinje wa Mazowe, kenako Zambezi, pamene anawolokera pa bwato atagwira nsapato kumanja. Anati tikangoona phiri lamutu wobisika m'nkhungu, ndiye kuti tafika, ndipo kuseri kwake kuli dimba la mbatata la amayi awo. Pang'ono ndi pang'ono nanenso ndinayamba kumva kuzizira kwa phirilo.

Mwadzidzidzi panabwera malembo ofiira otilamula kubwerera, chifukwa tinali titatuluka m'dera la nkhondo. Dziko la m'masewerawo linali ndi malire ake. Ndinapitirirabe, ndipo posakhalitsa pagalasi pa kompyuta panangoti bii.

Ndinaopa kuwayang'ana. Koma iwo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Kani nayonso ilibe mapepala," anatero akupukuta misozi. "Yambanso, mdzukulu wanga."

Kuyambira tsiku limenelo, magetsi akayaka mpando unkakokedwa. Anzanga ankadzitama ndi ndege zimene agwetsa, ine ndinasanduka dalaivala wa mkulu mmodzi, katswiri wotaya mabomba popanda mdani. Ulendo uliwonse ankawonjezerapo kanthu: dzina la mlongo wawo, mtengo wa masuku wa pambali pa njira, nyimbo ya pamtondo. Malire aja sitinawadutsepo.

Anamwalira mvula isanathe, ndipo tinawaika ku Bindura komweko, pafupi ndi anzawo a mumgodi. Ndinakhala nthawi yaitali osaifuna ndegeyo.

Kale ndinkayesa kuti agogo sankamvetsa kuti aja ndi masewera chabe. Lero ndikudziwa kuti ankamvetsa kuposa ine. Ankadziwa kuti iwo safika, ndiye ankandiphunzitsa njira. Nditakula ndinakwera basi kudzera ku Tete, ndipo phiri lija ndinalizindikira wina asanandilozere. Ndinatsika ndi kachikwama kamodzi. Munali shuga.