Mbozi za m'dimba la mkamwini

A Timoteyo sadziwa kukhala pansi. Ngakhale m'tchalitchi mwendo wawo umangonjenjemera, maso ali pakhomo. Kwawo ndi ku Ludzi, koma anadzakwatira ku Mlonyeni, ndipo malo onse amene amapondapo ndi a kuchikazi. Apongozi awo, mayi ake a mkazi wawo Esitele, anawabwereka dimba kumunsi kwa munda wawo, m'mbali mwa dambo.

Eee, dimbalo linaona zakuda! Anzawo amadzala chimanga kamodzi n'kupuma, koma iwo ayi. Uku chikumera, uku chikumasula, uku akuthyola mondokwa n'kuthamanga nawo pa njinga kwa Kamwendo kukawotchera madalaivala a mathiraki opita kuboda. Chilimwe chonse, mpaka mvula kugwa, m'dimbamo simunkasowa tsamba laliwisi la chimanga.

Ntchemberezandonda, mbozi zija zimadya chimanga kumtima, nazo sizinkasowa chakudya. Kwina zinkachepa ndi chilimwe, koma kwa a Timoteyo zinkangoswana. Mvula ikagwa, chimanga cha apongozi chikangofika m'mawondo, masamba onse mabowo okhaokha. Chaka choyamba anthu anati ndi tsoka. Chachiwiri mlangizi wa zaulimi anadutsa, anayang'ana munda, anayang'ana dimba, n'kunena poyera kuti mbozizo zikuchokera kumunsiko. Chachitatu alamu awo, a Lameki, anayamba kuyankhula mokweza pa mjigo: mkamwini wotere abwerere kwawo, asatiphetse ndi njala.

A Timoteyo anamva, mtima unawawa, koma anangowonjezera liwiro. Ankathira phulusa, ankathira dothi kumtima kwa chimanga, ankapopera mankhwala, thukuta kamukamu. Zosiya chimangacho ndiye ayi. Asiye ndiye azitani, azingoyang'ana mbuzi?

Tsiku lina masana Esitele anabwera kudimba atanyamula mbale yovundikira bwinobwino.

"Amayi akuti ndikupatseni," anatero, osawayang'ana kumaso.

Iwo anasamba m'manja msangamsanga, poti apongozi sanawatumizirepo chakudya kudimba. Atavundukula anapeza mbozi, mbale yodzaza, zikuyendayenda. Mayi wokalambayo anali atazitola yekha ndi zala kuyambira m'mawa, phesi ndi phesi.

"Anenanso chiyani?"

"Palibe. Angoti muone zokolola zawo."

Manyazi amene anawagwira a Timoteyo sanawaonepo chibadwire. Anakweza maso. Kumtunda kuja apongozi anali chiweramire m'mizere, chitenje chili m'chiuno, akutolabe.

A Timoteyo anatenga chikwanje. Chimanga chinali chitabereka, ndevu zitayamba kuda, chongotsala pang'ono kuti chipite kumsika. Anayamba kudula mzere wa kumalire, kenako wotsatira, osapuma, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Esitele ankakokera mapesi kukhola la ng'ombe. A Lameki anafika n'kuima pachulu manja ali m'thumba.

Dzuwa litapendeka dimba linali mbee. A Timoteyo anaima pakati pake, manja akuwayabwa, osadziwa kuti mawa adzadzukira chiyani, kapenanso ngati adzadzukire pamudzi pomwepo.

Apongozi anatsika pang'onopang'ono atasenza mtolo wa mbewu ya mbatata. Anautula m'malire, n'kutembenukira kumbali monga mwa ulemu wa pachipongozi, nayankhula ndi mwana wawo.

"Esitele, uwauze amuna akowa adzale izi. Manja amenewo akakhala chabe atigwetsera nyumba."

Asanamalize n'komwe, a Timoteyo anali atagwira kale khasu.