Mwana Amene Ankadikira Pakhomo

Mkazi wa wometa tsitsi wina atamwalira, achibale anagwirizana kuti mwana asauzidwe. Anali mtsikana wa zaka zitatu, wolongolola ngati wailesi. Azakhali ake anamuuza kuti amayi apita ku ulendo, abwera. Bambo ake anangovomereza, poganiza kuti akumuteteza.

Mwanayo anakhulupirira. M'mawa uliwonse ankakhala pakhomo pa shopu yometera atakumbatira patapata wa amayi ake, maso ali kumsewu. Basi ikaima, ankadzuka. Kenaka anasiya kudzuka, anasiya kudya, anasiya kuyankhula.

Wometa ankamuona pagalasi, osasamala kumene makina akudutsa. Makasitomala ena anatuluka mitu ili ngati yadyedwa ndi makoswe, ndipo sanabwerenso.

Tsiku la sikelo, namwino anaona kuti mwana watsika thupi. Sanakalipe. Anawatumiza kwa mlangizi, m'kachipinda kokhala ndi mphasa ndi zidole. Wometa analowa monyinyirika. Mwana wa msinkhu umenewu angakhale ndi maganizo anji?

Mwanayo anatola chidole, n'kukachikhazika pakhomo chitayang'ana kunja.

"Akudikira ndani?" anafunsa mlangizi.

"Mayi ake," anatero wometa.

"Ndiye adikirabe mpaka mutamuuza zoona. Ana nawonso amalira maliro, bambo. Kungoti sadziwa kunena."

Sizinatheke tsiku limodzi. Wometa anabwerera kwa mlangizi kangapo, ndipo woyamba kulira pamphasa paja anali iyeyo. Atalimba mtima, anamunyamula mwana pamiyendo.

"Amayi anamwalira, mwanangu. Sabweranso. Si iwe unalakwa. Ine ndilipo."

Mwanayo anamumenya pachifuwa ndi tizibakera, analira mpaka kugona. Azakhali anakwiya, amati wamupweteka mwana. Wometa sanabwerere m'mbuyo. Akatseka shopu ankakhala pansi n'kumasewera ndi mwanayo monga anamuphunzitsira mlangizi, akumufotokozera mmene amayi ake ankasekera.

Tsiku lina akusesa, anamva kamawu kamene anali atakasowa kwambiri.

"Ababa, tsitsi lanu lakula."

Anadziyang'ana pagalasi. Zinali zoona. Chimwalirireni mkazi wake, wometa anali asanametepo tsitsi lake.

Lero mtsikanayo ndi mayi, ali ndi ana akeake, ndipo amalongolola mpaka bambo ake amachita kumupempha kuti apumeko. Shopu inakula, koma patapata uja akadali pa msomali pafupi ndi galasi. Wometa, imvi zili mbuu, akayang'ana patapatayo amakumbuka kamphasa kaja ndi chisoni chosakanikirana ndi kuthokoza. Abambo anzake akakhala pampando, amawafunsa za ana awo asanafunse za kametedwe.

Inu amene mwana wanu wangoti zii, musanene kuti ndi wamng'ono, aiwala. Pitani naye kwa odziwa, khalani naye pansi, muuzeni zoona mwachikondi. Musataye mtima, mawu ake akadali m'kati, akudikira inu.