Kabokosi Kamene Kanaulula Apongozi Anga

Sabata ino ndinatsala pang'ono kutaya apongozi chifukwa cha kabokosi ka magetsi. Musaseke, ine mutu unandiwawa.

Mkazi wanga, mayi a Nelo, ali ndi mphumu. Chiyambire makamiyao, malole akuluakulu a malasha aja, kudutsa usana ndi usiku pafupi ndi kwathu ku Mpadue, chifuwa chawo chimalira ngati mluzu. Meza yodyerapo mukaipukuta m'mawa, pofika masana mutha kulembapo dzina ndi chala.

Ndiye mlamu wanga wa kumgodi ku Moatize anatibweretsera kabokosi koyera, kolekeza m'bondo. Iye amati purifikadori, ife timangoti makina oyeretsa mpweya. Kamakoka mpweya wa m'nyumba, kusefa fumbi, n'kuubweza woyera. Kutsogolo kali ndi kanyali. Zinthu zikakhala bwino kamayaka mobiriwira, koma mpweya ukaipa kamafiira, makina n'kuyamba kulira vuuu ngati akwiya.

Mlamuyo anati mazenera azikhala otseka. Kutseka mazenera ku Tete kuno, kumene ngakhale nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa! Koma mayi a Nelo anayamba kugona osatsokomola, ndiye ndinangoti thukuta silipha munthu.

Chimene mlamuyo sanatiuze n'chakuti kabokosika kali ndi mphuno.

Lachiwiri apongozi aamuna anatsika kuchokera ku Angónia ndi thumba la nyemba. Ndi munthu wa ulemu wake, jekete sachotsa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Titadya nyembazo ndi mazira, tinakhala m'sala, pabalaza pathu, anthu atatu. Iwo anakokera mpando pafupi ndi kabokosi, poganiza kuti n'kotulutsa mphepo yozizira, n'kuyamba kufotokoza za mvula ya kumudzi.

Mwadzidzidzi kanyali psuu, makina vuuu.

Moto kunalibe. Mazenera otseka. Kamiyao sinadutse.

"Akamwini, chinthuchi chatani?" anafunsa apongozi.

Ine, pakamwa popanda chitseko, ndinati, "Kamatero wina akaipitsa mpweya, bambo."

Inu owerenga mukudziwa tanthauzo la mawu amenewa kwathu kuno. Ndikulumbira, ine ndinkanena za fumbi. Koma mawu atangotuluka, mphuno yanga nayo inalandira uthenga, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Mwambo wake tonse timaudziwa. Wamkulu akaipitsa mpweya, mphuno zonse zimafa. Pakakhala mwana, amakalipiridwa mwanayo. Pakakhala galu, galu amathamangitsidwa. Tsoka ilo, Nelo anali kusukulu, ndipo galu tilibe.

Ndinadzipereka nsembe. "Pepani bambo, ndine. Nyembazi."

Koma ine ndinali kutali, pafupi ndi chitseko, ndipo kabokosi kanali kakulirabe pamwendo pawo penipeni. Mayi a Nelo ankangoyang'ana kudenga ngati kuli zolemba.

M'mawa ndinapeza chikwama cha apongozi chili pakhomo, chomanga kale. Anaitana mwana wawo.

"Mwana wanga, m'nyumba muno mwaikamo mboni. Ichoke iyo, apo ayi ndichoke ine."

Mayi a Nelo anandiyang'ana, maso ali ndi misozi. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Munthu angasankhe bwanji pakati pa bambo ake ndi kupuma?

Pamenepo ndi pamene ndinakwiya, osati ndi apongozi, koma ndi tonsefe okhala mumzinda uno. Kodi mwambo wa mphuno zakufawu sitinaukulitse mpaka kufika mumsewu? Amene akuipitsa mpweya wa Tete timawadziwa. Zovala zoyera zikuda zili pachingwe, ana akutsokomola, koma mukafunsa mumva kuti ndi nyengo. Ena amaloza mayi wowotcha chimanga pakona, ati utsi wake. Ndiye galu wathu ameneyo.

Chifukwa chake n'chosabisa: khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mgodiwo ukudyetsa alamu athu, ukudzaza nyumba zathu za lendi. Ngakhale kabokosi kanga komwe kanagulidwa ndi malipiro a malasha. Amene anatipatsa fumbi ndi yemweyo watipatsa chosefera fumbi, ndipo ife tikuomba m'manja. Amene alibe mlamu kumgodi asefe ndi chiyani? Ndi mapapo?

Ndinagwada pansi, n'kutsegula kumbuyo kwa kabokosi, kutulutsa sefa yake. Inabwera yoyera ngati ufa, koma tsopano inali bii, ngati kunsi kwa mphika.

"Bambo, izi zikanakhala m'chifuwa mwa mwana wanu."

Apongozi anaigwira ndi chala, n'kuyang'ana chalacho nthawi yaitali. Posakhalitsa kunamveka makamiyao akubwera motsogozana. Ndinabwezera sefa ija, n'kutsegula zenera. Kanyali psuu, makina vuuu, kuposa dzulo lake.

"Kani kamakalipiranso akuluakulu?" anafunsa.

"Sikaona nkhope, bambo."

Kenako anauza mwana wawo kuti abweze chikwama kuchipinda.

Kuyambira tsiku limenelo mtendere wabwerera, ndipo nyemba tikudyabe. Kungoti apongozi atulukira nzeru yawo. Akamva kamiyao ikubwera, amakhosomola pang'ono n'kunena kuti, "Akamwini, tatsegulani zenera, kwatentha." Ine ndimatsegula, kanyali kamafiira, tonse n'kuyamba kutukwana kamiyaoyo mogwirizana. Mayi a Nelo amathawira kuchipinda, ndipo sindidziwa ngati amathawa fumbi kapena chiseko.

Dzulo masana anandiuzanso kuti nditsegule zenera. Ndinatsegula. Mumsewu munali zii, ngakhale njinga kunalibe, koma kanyali kanafiira ndithu.

Tinayang'anana. Ine, mwana woleredwa bwino, ndinati, "Makamiyao a masiku ano, bambo, akumadutsa osamveka n'komwe."

Apongozi anakonza jekete lawo, n'kugwedeza mutu.

"Chitukuko, akamwini," anatero.