Tulo Tinandithawa Atandidula Bere

Ndinachoka ku Thyolo chifukwa cha tulo. Dokotala wa kumishoni atandidula bere lakumanzere, lomwe linali ndi chotupa, bala linapola koma mtima sunakhazikike. Ndikangogona pamphasa, dzanja linkapita lokha pa bere lotsalalo kukafufuza ngati nthendayo yabwerera, mpaka tambala kulira. Masana chingwe cha dengu la tiyi chinkakhula pachipsera. Ndikadutsa, amayi anzanga ankatsitsa mawu. Amuna anga, a Namakhwa, anatopa nane n'kusamukira kwa alongo awo.

Choncho dona wa pa esiteti atafuna wolera ana woti apite naye ku Halale, ndinavomera. Ndinkati kumene sandidziwa ndikagona.

Kumeneko anandipatsa kachipinda kuseri kwa khitchini ndi mashereni khumi pamwezi. Asanu ndinkatumiza kwa achemwali anga a Elube, amene ankandisungira mwana. Makalata ankandilembera khukhi wa ku Zomba.

"Ndilembe kuti muli bwanji, mayi?"

"Lembani kuti ndanenepa."

Ankandiyang'ana kaye, kenako n'kulemba. Zoona zake, ndinkaiwala mkaka pamoto, ndinkalira popanda wondiputa. Zaka zitatu palibe amene ndinamuuza za chipsera changa, ndipo palibe anafunsa.

Ana a dona atapita kusukulu yogonera komweko, ntchito inatha. Pobwerera kwathu ndinatsika sitima pa Luchenza n'kuyenda wapansi. Mwana wanga anandipatsa moni wa alendo. A Namakhwa anali atakwatira mtsikana wina, Delifa.

Patapita masiku anayi, Delifayo anandipeza ndekha kumtsinje. Ndinaganiza kuti wabwera kudzandinyoza. Anagwada, anamasula nsalu, n'kutenga dzanja langa kuliika pa bere lake. Munali kanthu kolimba ngati nthanga ya nandolo.

"Amayi, miyezi iwiri sindikugona. Onse kuno akuti ndibwere kwa inu."

"Onse ati? Aja ankanong'onezana za ine?"

"Ankanena kuti munalowa pampeni n'kutuluka wamoyo. Ankachita mantha kukufunsani."

Ndinakhala pamwala. Ndinali nditawoloka Zambezi kuthawa anthu amene ankangosowa poyambira.

Sindinamunamize. Ndinamuuza kuti zimapweteka, ndiponso kuti mantha satha ndi bala, ineyo mpaka lero masiku ena amandidzutsa.

"Ndiye ndidzatani akandidzutsa?"

"Udzagogode kwanga. Udzandipeza ndili maso."

M'mawa mwake tinanyamuka awiri kupita kumishoni, ine patsogolo.